Mawu Akuti "Onse" pa Nkhani ya Kageti Kakumbuyo

KOMITI YA MAKOLO NDI APHUNZITSI
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Chipinda cha aphunzitsi
Nthawi yoyambira: 9:25 m'mawa, osati 9:00 monga inanenera kalata yoitanira

Amene analipo:
1. Wapampando, mwini galaja
2. Mayi Namwino, wachiwiri kwa wapampando
3. Mlembi, wolemba zikwangwani
4. Mayi Telala
5. Bambo Mmisiri, womanga nyumba
6. Bambo Ometa
7. Mphunzitsi wamkulu (savota)

Woitanidwa: Aphunzitsi a kalasi yachisanu, amene ana amawatcha Mayi Chifukwa
Opepesa: Msungichuma, akudwazika apongozi awo

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Bambo Ometa anatsegula ndi pemphero lalifupi. Wapampando analandira mamembala ndipo anati aitanitsa msonkhanowu pa nkhani imodzi yokha, yoti komiti ivomereze kalata yopempha ofesi ya maphunziro kuti ichotse aphunzitsi a kalasi yachisanu pasukulu pano. Anati akufuna zithe 10 koloko isanakwane chifukwa kugalaja asiya galimoto ya munthu ili pajeke.

Mphunzitsi wamkulu anapempha kuti mamembala adziwiretu kuti ofesi ikamvera kalatayo, aphunzitsiwo atuluka m'nyumba ya pasukulu pakati pa teremu, ndipo m'nyumbamo amakhala ndi ana awo awiri ndi amayi awo odwala miyendo. Wapampando anati komiti sinabwere kudzakambirana za nyumba. Aphunzitsiwo anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, atafumbata mulu wa mapepala omangidwa ndi labala.

Mlembi akupepesa kuti zolembedwa za lero ndi zazitali kuposa masiku onse. Chifukwa chake chioneka m'munsimu.

2. KUWERENGA ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA PA 16 MEYI

Mlembi anawerenga. Atafika pa mfundo yachisanu, imene ikuti, "Mamembala onse anagwirizana kuti kageti kakumbuyo katsekedwe ndi njerwa," Mayi Telala anakweza dzanja ndipo anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe awanenera. Anati: "Pepani Bambo Wapampando, ine 'onse' ameneyu sindikumudziwa. Amakhala kuti? Chifukwatu ine tsiku limenelo manja anga anali pamiyendo."

Wapampando anati umenewu ndi mwano umene unayambira m'kalasi yachisanu, ndipo tsopano wafalikira kwa akuluakulu ngati chimfine. Mayi Namwino anapempha kuti kuvomereza zolembedwazo kudikire mpaka nkhani ya aphunzitsi imveke. Wapampando analola monyinyirika.

3. PHUNZIRO LA LACHISANU

3.1 Mphunzitsi wamkulu anafotokoza chiyambi cha nkhani. Lachisanu lililonse kalasi yachisanu imaphunzira za unzika, ndipo teremu ino mutu wake ndi momwe anthu amamangira mfundo pagulu. Aphunzitsi anapempha kuti ana adzaonerere msonkhano weniweni wa komiti. Wapampando anavomera ndi manja awiri, anasunthira msonkhanowo pa Lachisanu kuti ana athe kubwera, ndipo patsikulo anabwera atavala jekete. Ana 38 anakhala pamabenchi akumbuyo, aliyense ndi pepala lake. Aphunzitsi anawalamula kulemba zimene aona ndi zimene amva, osati zimene akuganiza.

Sabata yotsatira zolembedwa za mlembi zinamatidwa pabolodi la zidziwitso monga mwa nthawi zonse. Aphunzitsi anatengera ana pabolodipo kuti ayerekezere ndi mapepala awo, ndipo sizinafanane. Ana anakanena kunyumba, makolo anakanena kumsika, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali m'kamwam'kamwa.

3.2 Wapampando anati atumikira komiti ino zaka khumi ndi ziwiri osalandira ngakhale botolo la madzi. Anati denga la kalasi yachiwiri linakhomedwa ndi anyamata a kugalaja kwawo, ndipo lero malipiro ake ndi dzina lachipongwe. Anati: "Munthu akubwera ndi galimoto yake yofa, m'malo mondipatsa moni akuti, 'Mwadzuka bwanji a Onse?' Mwana wa zaka khumi akundilozera chala pamsewu. Ameneyo ndiye mzika wabwino amene tikuumba pano? Mphunzitsi amene amatuma ana kuti azikazonda akuluakulu sangakhale pasukulu pano."

3.3 Bambo Mmisiri anagwirizana ndi Wapampando. Anati m'nthawi yawo mwana akalowa pamene pali akuluakulu ankayang'ana pansi, sankawerenga manja a anthu. Anawonjezera kuti njerwa ndi mchenga zafika kale pakagetipo ndipo akufuna kuyamba Lolemba. Mayi Namwino anafunsa kuti ntchito yomangayo anapatsidwa ndani. Bambo Mmisiri anati aliyense akudziwa kuti ndi iwo, ndipo anapempha kuti funsolo lisalembedwe. Lalembedwa.

3.4 Aphunzitsi atapatsidwa mpata anaimirira. Anati sanatume mwana aliyense kukazonda munthu, ndipo dzina lachipongwelo analiletsa m'kalasi tsiku lomwe analimva. Anapepesa Wapampando chifukwa cha dzinalo. Koma anati pa za mapepala sangapepese. Anati: "Bambo, ine ndinapita nawo pabolodi ndili ndi chikhulupiriro kuti zikafanana. Ndimafuna ndiwaonetse kuti zimene anthu amanena pamsonkhano sizitayika, zimalembedwa. Tsono mwana atandifunsa kuti, 'Madamu, bwanji apa akuti onse?' ndikanamuyankha chiyani? Ndimuuze kuti maso ake ndi abodza?"

Wapampando anati akanawauza kuti za akuluakulu n'za akuluakulu. Aphunzitsi anafunsa kuti chifukwa chiyani. Bambo Ometa anaseka, kenako anasanduliza kusekako kukhala chifuwa.

3.5 Mayi Namwino anapempha kuti mapepala ena awerengedwe. Aphunzitsi anali atapinda pamwamba pa pepala lililonse kuti mayina a ana asaoneke. Mphunzitsi wamkulu anasolola atatu pakati pa mulu n'kuwerenga.

Loyamba: "Wapampando anati amene akufuna geti litsekedwe akweze dzanja. Anakweza Wapampando, Bambo Mmisiri ndi Msungichuma. Manja atatu. A komiti alipo asanu ndi awiri. Mayi Namwino anali panja akuyankha foni."

Lachiwiri: "Bambo Ometa anagona. Atamva mipando ikukokedwa anadzuka n'kuomba m'manja."

Bambo Ometa anati sanagone, anali kulingalira atatseka maso, ndipo m'ntchito yawo munthu amaimirira tsiku lonse.

Lachitatu: "Mayi Telala anati 'komatu.' Wapampando anayang'ana wotchi n'kunena kuti 'ndiye tagwirizana.' Alembi sanayang'ane manja. Anali atayamba kale kulemba."

Mlembi analiona pepala lachitatulo pamene linkadutsa patebulo ndipo anazindikira dzanja la amene analemba.

3.6 Aphunzitsi anati mwa ana 38, ana 31 analemba kuti manja anali atatu. Asanu analemba anayi chifukwa Bambo Ometa anakanda m'mutu ali m'kati molingalira. Awiri sanalembe kalikonse, anangojambula jekete ya Wapampando.

3.7 Wapampando anafunsa mlembi kuti atsimikize pamaso pa komiti kuti zolembedwa zake ndi zoona. Mlembi anayankha kuti zinalembedwa monga momwe zimalembedwera masiku onse. Mayi Namwino anati limenelo si yankho. Mlembi akuvomereza kuti silinali yankho.

4. KAGETI KAKUMBUYO

4.1 Mayi Namwino anati popeza Mayi Telala anadulidwa pakamwa mwezi wathawu, apatsidwe mpata amalize. Mayi Telala anathokoza ndipo anati akhala ndi mawuwo pakhosi masabata anayi. Anati makina awo osokera ali pakhonde loyang'anizana ndi kagetiko, ndipo m'mawa uliwonse amaona ana a kuseri kwa ngalande akulowera pamenepo. Kakatsekedwa, anawo azizungulira kumsewu waukulu kumene kumadutsa malole, ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo palibe pamene mwana angapatukire.

Aphunzitsi anati ana a kalasi yawo anaima pakagetipo masiku atatu m'mawa n'kuwerenga. Amalowa ana 212 pa tsiku, ndipo 64 mwa iwo ndi a kalasi yoyamba ndi yachiwiri.

4.2 Wapampando anakumbutsa komiti chifukwa chimene anabweretsera nkhani ya geti. Teremu yatha mdzukulu wawo anatulukira pakageti komweko akuthamangitsa mpira, anagundidwa ndi njinga yamoto ndipo anakhala miyezi iwiri mwendo uli m'chikhakha. Anati anamunyamula okha m'manja kupita naye kuchipatala, ndipo analumbira kuti mwana wina sadzatulukiranso pamenepo. Ponena zimenezi mawu awo anatsika. Mlembi analipo tsiku la ngoziyo ndipo akuchitira umboni kuti malaya a Wapampando anali magazi okhaokha.

Kenako Wapampando anafunsa kuti bwanji za msewu waukulu palibe anawauza. Mayi Telala anati: "Ndinayambatu, achimwene. Munayang'ana wotchi."

4.3 Wapampando anati ntchito yomanga iimitsidwe mpaka msonkhano wotsatira, ndipo Mphunzitsi wamkulu afufuze ngati makolo angamasinthane kuima pakagetipo m'mawa ndi poweruka. Mlembi anafunsa membala aliyense payekhapayekha. Mayi Namwino, Mayi Telala ndi Bambo Ometa anavomera. Bambo Mmisiri anati, "Chitani zimene mukufuna, koma simenti ikauma musandifunse." Mlembi sakudziwa ngati kumeneku ndi kuvomera kapena kukana, choncho walemba momwe anawamvera.

5. KALATA YOPITA KU OFESI YA MAPHUNZIRO

5.1 Wapampando anati geti ndi nkhani ina, ulemu ndi nkhani inanso, ndipo pa za aphunzitsi maganizo awo sanasinthe. Mayi Namwino anati kuchipatala munthu akayezedwa n'kupezeka ndi malungo, sathyola galasi loyezera. Wapampando anati muno si m'chipatala. Anapempha kuti amene akufuna kalata ipite akweze manja, ndipo anauza mlembi kuti ulendo uno ayang'ane.

5.2 Anakweza Wapampando ndi Bambo Mmisiri. Bambo Ometa, amene kanyumba kawo kometera kali mumpanda wa galaja, anayang'ana Wapampando, anayang'ana kudenga, kenako anakweza dzanja mpaka m'phewa. Atafunsidwa ngati lakwera kapena silinakwere, analikweza lonse. Manja atatu. Okana kalata anali Mayi Namwino ndi Mayi Telala. Manja awiri.

5.3 Wapampando anati atatu aposa awiri, nkhani yatha. Mayi Telala anati: "Dikirani kaye. Atatu ndi awiri ndi asanu, ife tilipo asanu ndi mmodzi. Achimwene alembi, dzanja lanulo lili ndi chilonda?"

5.4 Mlembi anaika cholembera pansi. Zotsatirazi anazilemba pambuyo pake, ndipo Mayi Namwino awerenga n'kutsimikiza kuti ndi zimene ananena. Anati:

"Abale anga, mawu akuti 'onse' ndinalemba ndine. Si aphunzitsi, si ana. Munandisankha ulembi chifukwa cha dzanja langa, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zonsezi sindinakwezepo dzanjalo pamsonkhano, ndimangolemba. Nthawi zambiri 'onse anagwirizana' ndimalemba Wapampando asanamalize n'kuyankhula komwe, chifukwa tsamba limaoneka laukhondo, lopanda mikangano. Pepala lachitatu lija ndi la mwana wanga wamkazi. Zilembo zija ndinamuphunzitsa ndekha ndi burashi pamatabwa otsala. Tsiku limene anapita pabolodi anandifunsa tikudya kuti, 'Ababa, onse ndi anthu angati?' Ndinamukalipira kuti munthu sayankhula ali ndi chakudya m'kamwa. Chiyambire tsiku limenelo sanandibweretserenso kope lake kuti ndione, ndipo zikundipweteka. Sindingathamangitse mphunzitsi chifukwa choti mwana wanga amatha kuwerenga mpaka pa zitatu."

Mlembi anakweza dzanja kukana kalata. Anachita manyazi kwambiri. Manja atatu mbali iyi, atatu mbali inayo.

5.5 Mphunzitsi wamkulu anatulutsa kabuku ka malamulo a komiti m'dirowa, anakapukuta fumbi ndipo anawerenga ndime 12, imene ikuti mavoti akafanana wapampando amaponya voti yachiwiri. Bambo Mmisiri anaseka nati ndiye kuti tinangotaya nthawi.

5.6 Wapampando anazunguza makiyi a galimoto patebulo. Kenako anati voti yachiwiriyo ilibe ntchito chifukwa kalata inapita kale. Anakaisiya okha ku ofesi ya maphunziro Lachitatu popita kukagula zipangizo za galimoto, poganiza kuti lero komiti ingodzavomereza.

5.7 Mayi Namwino anafunsa kuti analemba kalatayo ndani. Mlembi anati ndi iye. Anailemba Lachiwiri kushopu kwake, papepala labwino, Wapampando atamuuza kuti ingokhala yokonzeka. Anaona Wapampando akuiika mu envulopu ndi kumata, koma sanafunse. Mayi Namwino anapempha kuti awerenge mzere woyamba kuchokera pa kope lotsala la kalatayo. Mlembi anawerenga: "Ife tonse a komiti ya makolo ndi aphunzitsi." Mayi Telala anagwira pakamwa.

5.8 Aphunzitsi anati iwo akudziwa chiyambire Lachinayi. A ku ofesi anawaimbira foni kuti akaonekere Lolemba 9 koloko m'mawa atatenga mabuku awo okonzera maphunziro. Mphunzitsi wamkulu anadabwa ndipo anafunsa chifukwa chimene sananenere. Aphunzitsi anati: "Ndimafuna ndione kaye manja." Atakhala pansi anawonjezera kuti: "Ndikuopa, sindinama. Amayi sindinawauze. Dzulo amandifunsa kuti bwanji ndikusonkhanitsa makatoni, ndinawauza kuti ndi a ntchito ya ana."

5.9 Bambo Mmisiri anati madzi akatayika saoleka. Mayi Namwino anati kalata si madzi, ndi pepala, ndipo lili m'kabati ya munthu amene ali ndi makutu. Bambo Ometa anafunsa ngati n'kotheka kutsitsa dzanja limene munthu anakweza kale. Mphunzitsi wamkulu anayang'ana m'kabuku nati malamulo sakunenapo kanthu.

5.10 Wapampando anapempha kuti mawu awo alembedwe osachotsapo kalikonse. Anati: "Ine ana aja anandivula pagulu, ndipo mayi awa sanandikondweretse. Zimenezo sindibweza. Koma kugalaja kwanga sindinaperekepo galimoto kwa mwini wake n'kunena kuti mabuleki ali bwino ndisanawaponde. Kalata ija ikuti tonse. Tilipo atatu, ndipo wachitatuyo dzanja lake mwaliona nokha. Lembani kuti voti yanga yoyamba ikufuna kalata, yachiwiri ikukana. Ndinakaisiya ndekha, ndikaitenga ndekha."

Zotsatira: ofuna kalata, mavoti atatu, okana, mavoti anayi. Komiti yakana kalatayo.

5.11 Mphunzitsi wamkulu anachenjeza kuti ku ofesi kalata ikadindidwa kuti yalandiridwa kawirikawiri sabweza, ndipo mwina ayamba kale kufunafuna sukulu ina yotumizako aphunzitsiwa. Anati pakamwa pokha sipakathandiza, pakafunika cholembedwa. Mayi Namwino anapereka ganizo loti zolembedwa za msonkhano uno zimalizidwe lero, zisainidwe, ndipo Wapampando, Mphunzitsi wamkulu ndi mlembi akafike nazo ku ofesi Lolemba 8 koloko m'mawa. Anakweza manja asanu. Bambo Mmisiri sanakweze.

6. KUKONZA ZOLEMBEDWA ZA PA 16 MEYI

Mfundo yachisanu yafufutidwa ndipo tsopano ikuti: "Mamembala atatu mwa asanu ndi awiri anafuna kuti kageti kakumbuyo katsekedwe. Mmodzi anayamba kutsutsa koma sanamalize, mmodzi anali panja, mmodzi anali atatseka maso, ndipo mlembi sanavote. Mfundoyi sinadutse." Bambo Ometa anathokoza chifukwa cha mawu akuti "atatseka maso." Zolembedwazo zinavomerezedwa ndi manja asanu ndi limodzi. Tsamba lokonzedwalo limatidwa pabolodi la zidziwitso pambali pa lakale.

7. NKHANI ZINA

7.1 Mphunzitsi wamkulu anati mpopi wa kuseri kwa kalasi yachitatu ukudontha ndipo ana akuterereka m'matope. Wapampando anati atumiza munthu ndi sipanala Lachiwiri.

7.2 Bambo Mmisiri anafunsa kuti njerwa zawo azitani. Mayi Telala anati pampopi womwewo pakufunika poponda. Nkhaniyi yasiyidwa mpaka msonkhano wotsatira.

7.3 Mphunzitsi wamkulu anafunsa ngati ana a kalasi yachisanu aloledwe kudzaonereranso msonkhano. Wapampando anati funso limenelo lidikire kaye tione ngati adzakhale ndi wowabweretsa.

7.4 Mlembi anapempha kuti atule pansi udindo. Mayi Namwino anati munthu sathawa ataswa mbale, amayamba watola zidutswa, ndipo pempholo limveka Lolemba likadutsa.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Lachisanu, 11 Julayi 2025, 2 koloko masana, m'chipinda cha aphunzitsi.

9. KUTSEKA

Mayi Telala anatseka ndi pemphero nthawi ili 12:40 masana. Aphunzitsi a kalasi yachisanu anamanganso mapepala a ana ndi labala n'kutuluka oyamba. Sanathokoze munthu aliyense, ndipo mlembi sakuona chimene akanathokozera.

Zolembedwazi zikawerengedwa ku ofesi ya maphunziro Lolemba, ola limodzi aphunzitsi asanaitanidwe kulowa. Akawerenga ndi mlembi mwini wake, ataimirira, osadumpha ndime 5.4 ndi 5.7. Akuluakulu a kumeneko akakana kubweza kalata, atatufe sitikachoka. Tikakhala pabenchi ya panja pa chitseko mpaka aphunzitsi atuluke, kuti chilichonse chimene akauzidwe, akatipeze tili pomwepo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________

Tsiku: 14 Juni 2025